Mlandu wa Jumbo Yowola

Padangokhala Kalulu, ndipo ankachita geni ya majumbo pamsika wina wa kumathiriro a mtsinje wa Linthipe, ku Salima, moyang'anana ndi zilumba za Maleri. Pamsikapo pankakumana nyama za kumtunda ndi za m'madzi. Mwini dziko adali Gogo Ng'ona, amene ankaweruza milandu ali chigonere pamchenga, kukamwa kuli yasa.

Kalulu asanabwere, aliyense ankapita kumsika ndi dengu lake. Wogula mchere ankamukulungira m'tsamba la nthochi, wogula usipa ankanyamula chikwatu. Kalulu adaona kuti dengu limodzi limakhala zaka, ndipo chinthu chokhalitsa chotero sichidyetsa wogulitsa. Adakapikula majumbo a buluu aja, opyapyala oti ukaikamo tomato atatu, wachinayi amatulukira kunsi. Tomato jumbo yake, mchere jumbo yake, ngakhale singano jumbo yake. Chaka chisanathe, minga yonse ya m'mbali mwa msika idavala buluu, ndipo mvula ikagwa majumbowo ankatsetserekera kumtsinje kukakumana ndi anzawo ochokera kumzinda. Paja mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, ndipo usanatuluke mumzinda umadzera pamsika wa Lizulu. Zomwe umatola pamenepo aliyense wodutsa pamlatho amadzionera yekha.

Woyamba kudandaula adali Mbuzi. Mwana wake adameza jumbo yonunkhira mchere wa chipisi, mimba idatupa, ndipo adafa akuwonda msipu uli ponseponse. Mbuzi ali ndi mawu. Adalira usana ndi usiku mpaka Gogo Ng'ona adasowa tulo, ndipo lamulo lidatuluka loti majumbo a buluu asaonekenso pamsika.

Kalulu sadatekeseke, pakuti ankadziwa mmene anthu amachitira zikatere. Boma lawo lidaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikuloni 60, m'chaka cha 2015. Eni mafakitale adathamangira kukhoti kukatenga chiletso. Khoti la Supreme lidagamula mu 2019 kuti lamulolo ligwire ntchito, koma ziletso zina zidatulukanso, ndipo nkhaniyo idakokeka mpaka 2025, jumbo ili pamsika chikhalire. Njira imeneyo Kalulu adaisirira, kungoti adawerengera n'kupeza kuti maloya amadya kwambiri. Adasowa mwezi umodzi, n'kutulukira ndi mabelo awiri. M'belo loyamba mudali majumbo obiriwira, ojambulidwa tsamba pakati, olembedwa zilembo zikuluzikulu kuti IMAWOLA YOKHA. M'belo lachiwiri mudali makapu ndi timbale todyeramo chipisi, zomwe ankati n'zopangidwa ndi chimanga.

Bodza lenileni panalibe, ndipo luso la Kalulu lidagona pamenepo. Makapuwo adalidi ochokera ku chimanga. Ndi pulasitiki wotchedwa PLA: amasasitsa shuga wa m'chimanga kapena nzimbe kuti atuluke asidi, asidiyo n'kumulumikizalumikiza mpaka alimbe. Majumbo obiriwirawo adali pulasitiki yemwe uja wa mafuta apansi, kungoti adathiramo mankhwala oti dzuwa likamuomba azinyenyeka msanga. Kalulu adakwera pachulu cha pakati pa msika n'kuyamba nyimbo, ana a Pusi akuvomera:

Gulani jumbo, amayi gulani,
Yowola yokha!
Mukatha ntchito musavutike,
Yowola yokha!
Ponyani kuseri, ponyani kumadzi,
Yowola yokha!
Mawa m'mawa mupeza dothi,
Yowola yokha!

Msika wonse udavina, ndi Mbuzi yemwe. Amene kale ankataya jumbo mobisa, akucheukacheuka, tsopano ankataya poyera, akuimba. Kwa Gogo Ng'ona kudapita kabelo kaulere, koti nawonso aone mmene zinthu zatsopanozi zikugwirira ntchito.

Ndipo majumbo adasowadi paminga. Dzuwa la Okutobala lidawaumitsa mpaka adang'aluka, mphepo idawaulutsira m'nyanja, mafunde adawapera pamchenga. Nyama zidayang'ana gombe lili mbee, n'kunena kuti Kalulu wapulumutsa dziko. Jumbo imodzi idali itasanduka tizidutswa tosawerengeka, tina tochepa kuposa njere ya mchenga, tina toti diso silingatione n'komwe. Akatswiri amati kachidutswa kalikonse kosapitirira mamilimita 5 ndi maikulopulasitiki. Kakakhala m'madzi masiku angapo, pamwamba pake pamamera ndere ndi tizilombo, moti kamayamba kununkhira ndiwo.

Kunsi kwa msikawo, m'madzi, kunkakhala mbumba ya Kanthata. Ambiri a inu simunamuonepo, ngakhale osamba m'nyanja mwammezapo kangapo. Kutalika kwake ndi pafupifupi milimita imodzi, ndipo amasambira modumphadumpha ndi tinyanga tiwiri. Chodabwitsa n'chakuti thupi lake limaonekera mkati. Ukamuika pa maikulosikopu umaona diso limodzi lakuda, mtima ukugunda chakumsana, matumbo ali biriwiri ndi ndere zomwe wadya, ndi mazira ali m'kathumba kumbuyo. Kanthata alibe chinsinsi, ndiponso alibe kusankha. Timiyendo take timapalasa madzi osalekeza, n'kusefera kukamwa chilichonse cha msinkhu wolowa. Chikhale ndere, chikhale china, iye amazindikira chili kale m'matumbo.

Pa kanthu kameneka ndi pomwe nyanja idatsamira. Usipa amadya Kanthata ndi abale ake, utaka chimodzimodzi. Mphutsi za nkhungu, zomwe masana zimabisala kuzama kopanda mpweya, usiku zimakwera kudzamusaka. Kanthata akachepa, njala imakwera pang'onopang'ono mpaka kukafika pathandala la msodzi.

Woyamba kuzindikira adali Usipa, chifukwa ana ake ankagona ndi njala. Adapita kwa Kanthata ndi ulemu womwe sadampatsepo chibadwire.

"Amayi, mwasowatu masiku ano. Kodi kwagwanji?"

"Tikutha, a Usipa. Ndipo ulendo uno si inu."

Adagwirizana zokasuma. Bwalo lidatumizanso uthenga kwa Fulu, nduna yakale yokhala kumapiri a Dedza, kuti abwere adzathandize, popeza moyo wake wonse adakhala m'zinyalala za m'nkhalango ndipo ankadziwa bwino chowola ndi chosawola. Fulu adayankha kuti wanyamuka kale.

Tsiku la mlandu bwalo lidadzaza. Kanthata adamubweretsa m'chigoba cha nkhono momwe mudali timadzi, n'kuchiika patsogolo pa mfumu.

"Wodandaula ali kuti?" adafunsa Gogo Ng'ona.

"Ali pamphuno panu pomwepo, Gogo," adayankha Nkhwazi, yemwe adasankhidwa kukhala maso a bwalo. Chule ndiye adasankhidwa kukuza mawu.

"Zikomo Gogo Chalo," adayamba Kanthata. "Ife ndife anthu anu a pansi pa madzi. Chibwerere majumbo obiriwira ndi makapu a chimanga, mimba zathu zimadzaza koma mphamvu palibe. Amayi anga ankayenda kathumba kali tho ndi mazira. Ine ndikubereka awiri, mwina mmodzi, ndipo akubadwa onyentchera. Ena a ife akungomira, osadzukanso."

"Taima kaye, iwe. Nkhoswe yako ili kuti? Mwini mbumba ndani?"

"Kwathu kulibe amuna, Gogo. Timabereka tokha, ana aakazi okhaokha. Amuna amabadwa nthawi ikavutitsitsa, ndipo chaka chino ayamba kuoneka."

Bwalo lidaseka. Gogo Ng'ona adati sangazenge mlandu wa mbumba yopanda mwini, ndipo zikadathera pomwepo Usipa akadapanda kuvuuka.

"Ndiwaimira ndine, Gogo. Banja limeneli ndimalidziwa kunja ndi mkati."

Palibe adatsutsa zimenezo.

Kalulu adaimirira, n'kuwomba m'manja katatu. "Gogo Chalo, nduna zonse, ndi inu amayi odandaula kulikonse komwe muli. Ine ndili ndi funso limodzi kwa a Nkhwazi. Tasuzumirani m'chigobamo. Mimba ya mayiwa ndi yodzaza kapena yopanda kanthu?"

Nkhwazi adapendeketsa mutu. "Ndi yodzaza. Koma mtundu wake ndi wachilendo. Muli toyera, muli tobiriwira towala, ndipo sitikuyenda."

"Yodzaza. Mwamva nonse. Ndani kuno adaikapo maliro a munthu wofa ndi kukhuta? Toyerato ndi chimanga, Gogo. Ine ndakhala ndikudyetsa mbumba imeneyi nsima yaulere chaka chonse, osapempha n'kobiri lomwe, ndipo malipiro anga ndi samani."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, a Kalulu," adatero Kanthata. Koma Chule adali akuseka nawo, ndipo mawuwo sadawakuze.

Gogo Ng'ona adatsinzina, n'kuyankhula mofatsa. "Ine pano m'mimba mwanga muli miyala. Ndidayamba kumeza miyala ndili mnyamata, agogo anga ankameza, ndipo palibe adapita nazo kubwalo. Ana a masiku ano kanthu pang'ono m'mimba, mlandu."

Nduna zidavomera kuti Gogo anena zoona. Zidaiwala, kapena zidasankha kuiwala, kuti mwala wa Gogo umatsala malo a mbuzi yathunthu, pomwe matumbo a Kanthata akadzaza ndi zosagayika, ndere zimasowa polowera.

Udali mwezi wa Novembala, nthawi yomwe mbalame za kutsidya kwa nyanja zamchere zimafika ndi mvula yoyamba. Usipa adaitana ziwiri kuti zichitire umboni. Woyamba adali Namzeze, yemwe chisa chake cha chilimwe cha Azungu chidali pakhola lina pafupi ndi Plymouth, ku England.

"Mumzinda umenewo," adatero Namzeze, "muli mphunzitsi wa payunivesite dzina lake Richard Thompson. Ndiye adafalitsa dzina la tizidutswa timeneti mu 2004, atatipeza mumchenga wa kugombe ndi m'madzi. Pambuyo pake iyeyo ndi Imogen Napper adatenga majumbo a mitundu yosiyanasiyana, olembedwa kuti amawola ndi osalembedwa. Ena adawakwirira m'dothi, ena adawamiza m'nyanja, ena adawapachika pamtetete. Zotsatira adaulutsa mu 2019. Patatha zaka zitatu, majumbo olembedwa kuti amawola adawafukula ali athunthu, oti n'kunyamuliramo katundu wa kugolosale osang'ambika."

"Onse?" adafunsa Kalulu, maso ali gwa.

Namzeze adali mbalame yoona mtima, ndipo pabwalo kuona mtima kumavulaza. "Mtundu umodzi, wopangidwira kuti ukhale manyowa, udasowa m'nyanja pasanathe miyezi itatu. Koma m'dothi udapezekabe patatha miyezi 27, ngakhale udali utafooka."

"Udasowa! Mwamva, Gogo? Mboni yawo yomwe."

"Umenewo si mtundu wanu, a Kalulu. Wanuwu ndi uja amathira mankhwala kuti uzinyenyeka. Opachikidwa pamtetete aja onse adanyenyeka pasanathe miyezi 9, wamba ndi olembedwa omwe. Koma kunyenyeka si kuwola. Chimanga ukachisinja chimasanduka ufa, koma mumtondo sichinachoke. Chinthu chawola ngati tizilombo tachidya mpaka chasanduka madzi, mpweya ndi chonde."

Kalulu adapempha bwalo lilembe kuti mboniyo ilibe munda kuno, ilibe manda kuno, ndipo imabwera nthawi ya inswa yokha.

Wachiwiri adali Dokowe, wochokera ku Germany, mbalame yoyankhula pang'onopang'ono, yosadumpha nambala. Adati ku Frankfurt, payunivesite ya Goethe, Lisa Zimmermann ndi anzake adaweta asuweni a Kanthata, mtundu wokulirapo wotchedwa Daphnia magna, m'mabotolo a galasi kwa masiku 21. Ena adawathirira fumbi la PVC, pulasitiki wa mapaipi. Ena fumbi la polyurethane, wa siponji ya m'matiresi. Ena fumbi la PLA, wa chimanga uja.

"Zotsatira zidatuluka mu 2020," adatero Dokowe. "Onse atatu adavulaza. PVC ndiye adachepetsa kwambiri kubereka, ndipo chomwe chinkavulaza ndi mankhwala otuluka mkati mwake. Koma pa kupha, woposa onse adali wa chimanga. Ameneyo sichidali chiphe cha mankhwala ayi, tidali tizidutswa tokhato."

Pabwalo padati zii. Mbuzi adayang'ana kapu yomwe ankamweramo thobwa, n'kuikankhira kumbuyo kwake.

"Mayiwa amameza matope chaka chilichonse Linthipe akasefukira," adatero Kalulu. "Bwanji sasumira mvula?"

"Zimenezo adaziganizira. Adayesanso ndi fumbi la dongo loyera, ndipo poyerekeza kuchuluka kwa tizidutswa, dongolo lidavulaza mocheperapo. Gulu lomwelo lidapimanso zinthu 43 zopangidwa ndi pulasitiki wowola kapena wochokera ku zomera. Zambiri zidapezeka ndi mankhwala oopsa, mosasiyana kwenikweni ndi pulasitiki wamba. Pajatu chimanga pachokha sichikhala kapu. Amathiramo zofewetsa, zolimbitsa, zopaka mtundu, ndipo zimenezo pachikuto salemba. Ponena za majumbo onyenyekawa, mayiko a European Union adawaletsa kuyambira 2021."

Kalulu adakanda khutu. Kenaka adafunsa mwaulemu kwambiri, ulemu womwe uyenera kuopedwa. "A Dokowe, inu ndinu ophunzira. M'mabotolomo ankathira fumbi lochuluka bwanji? Lofanana ndi lomwe lili m'nyanja yathuyi?"

"Loposa kwambiri. Pofufuza amayamba ndi muyezo waukulu kuti aone kumene chinthu chimaluma. M'nyanja tizidutswa n'tochepa kuposa pamenepo, koma m'botolo adakhala masiku 21 okha, ali ndi chakudya chokwanira. Kuno amameza moyo wonse, ana awo n'kupitiriza, ndipo mtsinje ukubweretsa tina mvula iliyonse."

Theka lachiwiri la yankholo lidamira m'phokoso, chifukwa ana a Pusi adali atayamba kale nthungululu pa theka loyamba.

Nkhwazi, yemwe maso ake sankamupatsa mtendere, adatola kapu imodzi n'kuitembenuza. "Gogo, kunsi kuno kuli tizilembo tina. Akuti imawola ikapita ku fakitale ya manyowa."

"N'zoona," adatero Dokowe. "PLA amawola ndithu, sindikukana. Koma amafuna mulu waukulu wa manyowa wotentha madigiri 58 kapena kuposerapo, wachinyezi, wotembenuzidwa, kwa masabata ambiri. Nyanja yanu pamwamba imatentha pakati pa madigiri 24 ndi 29. Pansi penipeni, mamita pafupifupi 700, ndi madigiri 22, ndipo kulibe mpweya. Kapu ikafika kumeneko yafika."

"Kodi fakitale yoteroyo kuno ili kuti?" adafunsa Mbuzi.

Palibe adayankha, koma Kalulu adalumpha, nkhope ili ngwee. "Gogo Chalo, mlandu watha! Mboni yanena yokha kuti kapu yanga imawola. Cholakwa ndi nyanja, ndi yozizira. Ine ndidagulitsa kapu, sindidagulitse nyanja. Ngati mayiwa ali ndi dandaulo, akasumire madzi omwe akukhalamo."

Ndikanakonda kukuuzani kuti bwalo lidamuseka. Lidaganizira mfundoyo mpaka dzuwa lidapendeka.

Pomaliza Gogo Ng'ona adatseka kukamwa, chizindikiro choti chigamulo chafika. "Ndamva mbali zonse. Wina akuti zimawola, wina akuti siziwola. Nanga tikanganirenji pa chinthu choti tingachione ndi maso? Tidikire. Zikawola, Kalulu walungama. Zikapanda kuwola, tidzakumananso pano chaka chamawa mwezi ngati uno. Pakadali pano geni ipitirire, chifukwa sitingamulande munthu mpamba wake mlandu usanathe. Mwinanso a Fulu adzakhala atafika."

"Pepani Gogo," adatero Kanthata, ndipo ulendo uno Chule adakuza. "Ife moyo wathu ndi wa masabata owerengeka."

"Leza mtima, mwana wanga. Mlandu suwola."

Bwalo lidalamula kuti umboni usungidwe ndi nkhoswe. Usipa adanyamuka ndi Kanthata kulowera kwakuya, mtima uli wowawa, akumulonjeza kuti achita apilo. Adali asanadye chiyambire m'mawa. Iye mwini pambuyo pake ankati sakumbukira kuti adatsekula pakamwa, kungoti atacheuka kuti amve maganizo a mayiwo, adapeza akuyankhula yekha. Pambuyo pakepo sipadatalike, chifukwa usiku womwewo Ncheni adamupeza akusambira mozyolika. Ncheni adakumana ndi Kampango m'bandakucha. Kampango adasendera kufupi ndi gombe tsiku lachitatu, pamene Gogo Ng'ona ankasamba. Umu ndi mmene umboni udafikira kwa woweruza osadzera kwa kalaliki, n'kukakhala pambali pa miyala ija.

Chaka chotsatira mlandu udaitanidwa. M'chigoba mudabwera Kanthata wina, mdzukulu wa adzukulu a woyamba uja, wochepa thupi, kathumba kali pululu. Kalulu adafunsa ngati mayiwa ndi omwe adasuma. Adati ayi. Adafunsa ngati adaliko tsiku la mlandu. Adati adali asanabadwe. Kalulu adatambasula manja, ndipo mlandu udaimitsidwanso kuti wodandaula weniweni akafunidwe. Vuwo, yemwe adali atangofika kuchokera kumpoto, adayesa kuuza bwalo kuti ku Mwanza, pa nyanja ya Victoria, ofufuza adatumbula nsomba ndipo mu 2016 adalengeza kuti imodzi mwa zisanu zilizonse idali ndi pulasitiki m'matumbo. Adamuuza kuti za kwa eni zikhale kwa eni.

Usipa ataoneka kuti wachepa kumathiriroko, zifukwa sizidasowe. Ena adati ndi asodzi okokera masikito neti, omwe amakokolola ndi mazira omwe. Ena adati ndi nyali za kauni zomwe zachuluka. Ena adati ndi matope ochokera kumapiri ometedwa mitengo, ena adati mwera wasintha. Zambiri mwa izi zidali zoona, ndipo palibe adazivomereza mokweza kuposa Kalulu. Pamsonkhano uliwonse ankakhala kutsogolo, kudzudzula asodzi ndi otentha makala mpaka mawu kusasa. Ulusi wa maukonde otayidwa m'madzi nawonso ndi pulasitiki, ankatero, ndipo sankanama. Chaka chachitatu adamuveka mkanda wa ulemu monga bwenzi la nyanja, ndipo pamwambowo thobwa adamwera m'makapu a chimanga omwe iye adapereka mwaulere. Mbumba ya Kanthata idaitanidwa, koma chigoba chidabwera ndi madzi okha, ndipo Nkhwazi atasuzumiramo nthawi yaitali adati mwina wachita manyazi. Mlandu udathetsedwa chifukwa wodandaula sadabwere kubwalo.

M'mawa mwake Fulu adafika m'malire a mudzi, fumbi la ku Dedza lili pamsana. Podutsa kuseri kwa munda wina adamva khasu likulira pansi pa mtengo wa mlambe.

"Odi kuno! Kodi ndi a Kalulu? Mwalawirira kukumba chiyani, mbewa?"

Kalulu adadzidzimuka, koma ataona kuti ndi nkhalamba, adapitiriza. Adapalasa dothi ndi manja, n'kusolola jumbo yobiriwira yomanga pakamwa. Adaikung'untha pabondo. Tsamba lija lidaoneka, ndi zilembo zonse, palibe chofufutika. Adamasula mfundo n'kuyamba kuwerenga ndalama zamapepala, zouma gwa, akunyowetsa chala ndi malovu.

Fulu adasendera pafupi, natalikitsa khosi, nawerenga zilembozo chimodzichimodzi.

"Mudakwirira liti zimenezi, mwana wanga?"

"Chaka chija cha mlandu, agogo. Ndinkaopa chindapusa."

"Mvula zitatu pansi pa dothi. Simudaope kuti iwola, chiswe n'kukudyerani chuma?"

Kalulu adaleka kuwerenga, n'kumuyang'ana Fulu kuyambira kumutu mpaka kuzikhadabo.

"Agogo, ndalama zanga ine ndingaike m'chinthu chowola?"